Jini wa chidede ndi manachesi, chakumwa chathu cha pa 6 Julaye

Ku Zomba kuno ikafika Juni simufunanso kalendala ayi, mumangodziwira mmene madzi apampopi amalumira m'manja m'mawa, komanso phiri lija limangosowa, mukayang'ana kumtunda mumangoona nkhungu yokhayokha kuyambira ku Mulunguzi mpaka mbali ya ku Domasi uko. Nde kukabwera chiperoni, kamvula kowaza kosaleka kaja kobwera ndi mphepo yochokera ku Mozambique, zovala zimatha masiku atatu pachingwe osauma, ana kusukulu amapita atavala majuzi awiriawiri. Anthu ambiri nyengo imeneyi amadana nayo koma ine ndimaikonda kwambiri, chifukwa ndi nthawi yokhayo pachaka imene abale anga amalola kukhala malo amodzi mothithikana kuzungulira mbaula, popanda wina kunena kuti kwatentha ndikakhale panja.

Kwathu mwambo wake ndi wa pa 6 Julaye. Anauyambitsa ndi malemu bambo athu, iwowo ufulu wa mu 1964 anauona ndi maso ali mnyamata, nthawi imeneyo likulu la dziko lidakali konkuno lisanasamukire ku Lilongwe mu 1975, ndiye tsikuli sankalitenga ngati holide wamba ayi, ankafuna ana onse tikhalepo, mbuzi iphedwe. Atatisiya mwambowo unagwera ine chifukwa nyumba yanga ya ku Matawale ndi yomwe ili ndi khonde lalikulu. Amabwera achimwene kuchokera ku Blantyre ndi alamu, achemwali a ku Liwonde amene akangotsika minibasi amayamba kudandaula kuzizira poti kwawoko n'kotentha, azakhali a ku Malosa, ndi ana osawerengeka. Zakudya sizinandivutepo. Chimene chinkandisowetsa mtendere chaka ndi chaka ndi chakumwa, chifukwa tinkangogula makireti n'kuwaunjika pakona, aliyense n'kumatsegula yekha, ndipo ine ndinkaona kuti tsiku limene taphikira usiku wonse likuyenera chakumwa chimene nachonso wina wachigwirira ntchito ndi manja.

Nde zaka zingapo zapitazo ndinalowa pa intaneti kufufuza ma cocktail, zakumwa zosakaniza zija, a nyengo yozizira. Zimene ndinapeza zinali zokongola zedi, matambula ofiira, timasamba tobiriwira pamwamba, makandulo kumbuyo, koma zonse zinali za Khirisimasi, poti anzathu akumpoto kwa dziko lapansi kuzizira kwawo kumagwa mu Disembala pamene ife tili thukuta kamukamu kudikira mvula ndi kupalira chimanga. Ndipo chilichonse chinkafuna zipatso zofiira zotchedwa cranberry kapena pomegranate. Ndinazungulira mashopu a mtauni muno tsiku lonse osapeza kanthu, achimwene anandipezera kajuwisi ka cranberry ku Blantyre pamtengo woti ukanagula nkhuku ziwiri, titakalawa kanali kotsekemera ngati switi basi, kopanda moyo. Zinandikhumudwitsa ndithu, ndinangozisiya chaka chimenecho.

Maganizo anandisinthira panjira yokwera ku Ku Chawe. Tinaperekeza mlendo wa kuntchito kukaona damu la Mulunguzi ndi mathithi a Williams, pobwerera tinaima pamene amaima anyamata ogulitsa zipatso aja, kutawaza kamvula, ndipo nditatsika mgalimoto fungo la paini wonyowa linandimenya mphuno, ndinangoima n'kunena kuti koma fungo ili ndikulidziwa, ndi fungo lomwe limatuluka ukangotsegula botolo la jini. Kenaka ndikuyang'ana pansi, timadengu ta masitiroberi, jamu wosenda kale, magalagadeya mulu, mnyamata akundiuza kuti mayi lawani kaye musanagule. Ndinadzifunsa kuti ndikuvutikiranji ndi zipatso za ku America pamene phiri lathu lomweli likundipatsa zofiira, zowawasa ndi zonunkhira pamalo amodzi.

Za fungo la painizo sikuti ndi maganizo anga chabe ayi. Jini aliyense kuti atchedwe jini amayenera kukhala ndi timbewu ta mtengo wotchedwa juniper, timene timaoneka ngati tizipatso takuda koma kwenikweni ndi timakoni tofewa, chifukwa juniper ali mgulu la mitengo yobereka makoni ngati paini, ndipo banja lake lenileni ndi limodzi ndi mkungudza wa ku Mulanje uja timanyadira. Olo kuno kwathu mtundu wina wa juniper ulipo, ku Nyika kuli kankhalango kake. Dzina loti jini linachokera ku jenever, chakumwa cha ku Netherlands, Angerezi anachitengera kumeneko n'kuchikonda mopitirira muyezo moti m'zaka za m'ma 1700 ku London kunali chipwirikiti cha uchidakwa mpaka boma linachita kukhazikitsa malamulo okhwima mu 1751. Kupatula juniper opanga amathiramo njere za coriander, makoko a mandimu kapena malalanje ndi mizu ina, ndiye mukamva kuti jini amagwirizana ndi zipatso zowawasa ndi masamba onunkhira n'chifukwa choti zinthuzo zili kale mkati mwake, inu mukungozikweza mawu.

Ine ndimagwiritsa ntchito Malawi Gin, sindibisa. Ndi wathu, amapezeka paliponse, ndipo alendo akunja akabwera kunyanja chinthu choyamba chomwe amafunsa ndi MGT, kutanthauza Malawi Gin ndi toniki. Pali ena amaona ngati chakumwa chapamwamba chimafuna botolo lochokera kunja, ine ndikuti ngati muthiramo chidede ndi manachesi ndalama zanuzo sungani, mukagulire nyama yowonjezera.

Tonikiyo naye ali ndi mbiri yomwe imakhudza tauni yathu ino. Kuwawa kwake kumachokera ku kwinini, mankhwala a malungo akale ochokera ku khungwa la mtengo wa cinchona wa ku South America. Asilikali ndi akuluakulu a boma la Britain ku India ankamwa kwinini kuti apewe malungo, poti ngowawa kwambiri ankamusakaniza ndi shuga, madzi a soda ndi jini, chakumwa n'kubadwa. David Livingstone nayenso poyenda mu Shire ankadalira kwinini yemweyo. Atsamunda atakhazika likulu lawo pano mu 1891, patsinde pa phiri pozizira bwino, chizolowezicho anabwera nacho, ndipo ndikadutsa pa Gymkhana Club kapena nyumba zakale za njerwa zofiira zija ndimaganiza kuti jini ndi toniki zamwedwa mtauni muno kwa zaka zoposa 100, nthawi yaitali anthu akuda ali ongonyamula thireyi. Mwina n'chifukwa chake zimandikoma mumtima kumwa chakumwachi pa 6 Julaye penipeni, pakhonde langa, nditachisandutsa chofiira ndi chidede cha kumunda kwa azakhali. Koma chonde, toniki wamasiku ano kwinini wake ndi wochepa kwambiri, ngongokometsera, sachiza malungo olo pang'ono. Thupi likatentha pitani kuchipatala mukayezetse, akakupezani nawo akupatsani LA.

Tsopano za chidede, poti apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Ambiri timachidziwa ngati ndiwo, masamba ake owawasa aja otendera, kapena ngati tiyi wofiira amene anthu ayamba kumwa masiku ano. Chimene chimafunika apa ndi timakoko tofiira tokhuthala tomwe timakuta njere maluwa akagwa. Amakolola mvula ikatha, cha mu Meyi ndi Juni, n'kuyanika, ndiye pofika Julaye chimakhala chili chatsopano, mumsika waukulu wa Zomba mumachipeza kwa amayi ogulitsa nyemba ndi zouma. Posankha muziyang'ana chofiira moderako, chouma gwa koma chosafumbwa, mukachinunkhiza chizimveka kuwawasa osati chinyezi. Kukoma kwake n'kofanana kwambiri ndi cranberry uja ndinkasaka, mwinanso kuposa, ndipo mtundu wake mukauona mutambula simungakhulupirire kuti simunathiremo kala.

Ndimapanga sirapu kutatsala tsiku limodzi kapena awiri. Makapu awiri a madzi, kapu imodzi ya shuga, chidede chodzaza manja awiri nditachitsuka msangamsanga kuchotsa fumbi, ndi jinja wamkulu ngati chala chachikulu, wosenda n'kudula mapisi opyapyala. Shuga ndimakonda wabulawuni wathu yemweyu chifukwa amabweretsa kafungo ka nzimbe. Zonse mpoto, moto wapakatikati, zikawira ndimachepetsa moto n'kusiya mphindi 10, kenaka ndimaphula n'kuvundikira kuti zizizire zokha. Poto akhale wa sitilo kapena wa enamelo, chidede n'chowawasa ndipo mpoto wa aluminiyamu chimatenga kakomedwe ka chitsulo. Zikazizira ndimasefa pa sefa wa tiyi, n'kuthira m'botolo loyera lomwe ndalitsuka ndi madzi otentha, mufiliji amakhala bwinobwino sabata yathunthu. Makoko otsala pasefa aja musataye, ana amawadya ngati switi, kapena pakani pa buledi.

Ndikuuzeni za chaka choyamba, chifukwa ndi pamene ndinaphunzira zambiri. Ndinatenga botolo lonse la jini n'kukhuthulira mumtsuko wagalasi, ndinadula mandimu atatu ndi makoko ake omwe, manachesi ndi njere zake, nthambi zinayi za chitsamba chonunkhira cha rozimere, ndinawonjezeranso mpungabwi wa kuseri kwa nyumba poganiza kuti poti ndi m'bale wake wa basil ndiye zikhala bwino, n'kusiya masiku atatu. Tsikulo litafika alamu anga analawa koyamba, anakhala chete kanthawi, kenaka mwaulemu wawo anati, “Alamu, mwayesetsa ndithu, koma kodi simunathiremo mankhwala a chifuwa?” Nditalawa ndekha misozi inalengeza. Chinali chowawa ngati ndulu, fungo la mpungabwi litaphimba chilichonse. Botolo lathunthu linapita padzala ndipo usiku umenewo sindinagone bwino, osati chifukwa cha ndalama zokha koma poti ndinali nditauza aliyense kuti chaka chino kuli zachilendo.

Cholakwika chachikulu chinali khungu loyera la mkati mwa khoko la ndimu, limodzi ndi njere. Mafuta onunkhira a ndimu kapena nachesi amakhala pakhungu lakunja lokhalokha, lachikasu kapena lobiriwira lija, pamene choyeracho ndi njere zikakhalitsa mu mowa zimatulutsa kuwawa. Mowa umakoka fungo ndi kakomedwe msanga kwambiri kuposa madzi, ndiye masamba amphamvu ngati rozimere safuna masiku, maola awiri kapena atatu akwana. Mpungabwi uja ndinamubwezera ntchito yake yothamangitsa udzudzu.

Pano ndimachita chonchi. Kutatsala masiku awiri ndimakwera kukagula masitiroberi, nthawi imeneyi amakhala oyambirira, ang'onoang'ono koma onunkhira kuposa akuluakulu a mu Seputembala. Muziyang'ana apansi pa kadengu osati apamwamba pokha, ndipo muzigula tsiku lomwe mukuwagwiritsa ntchito chifukwa sachedwa kufewa. Ndimawatsuka, kuchotsa timasamba, kudula pakati, makapu awiri, n'kuika mumtsuko wagalasi wokhala ndi chivundikiro. Pamwamba pake jini wokwana 400 ml, ndiko kuti kupitirira pang'ono theka la botolo la 750 ml lija. Ndimasenda nachesi imodzi, n'kupala mkati mwa khoko ndi supuni mpaka choyera chonse chitachoka, khokolo n'kuponyamo. Kutseka, kuika mukabati mopanda dzuwa, kugwedeza kamodzi m'mawa kamodzi madzulo. Pofika tsiku lachiwiri masitiroberi amakhala atayera mbee ngati atopa, mtundu wonse ndi fungo zapita mu jini, amene tsopano ndi wapinki. M'mawa wa tsiku la phwando ndimaponyamo kanthambi kamodzi ka rozimere kotalika ngati chala, pofika nthawi ya nkhomaliro ndimasefa zonse.

Manachesi nawo nyengo yake ndi yomweyi, amabwera ochuluka kuchokera ku Mwanza ndi Neno, mumsika amachita kuunjika milu. Ndimafinya okwana makapu awiri a madzi ake, nthawi zambiri amakhala manachesi 12 kapena kupitirira malinga ndi kukula kwake, ndipo ntchito imeneyi ndimapatsa ana a achemwali, amakhala pamkeka ndi beseni, kusenda, kuchotsa njere, kufinyira pasefa, theka likupita mkamwa. Finyani tsiku lomwelo, madzi a nachesi akagona amasintha kakomedwe. Mandimu atatu kapena anayi, kuti mupeze theka la kapu.

Posakaniza ndimatenga jagi yaikulu, jini yense uja, madzi a manachesi makapu awiri, a mandimu theka la kapu, sirapu wa chidede ndimayamba ndi theka la kapu n'kulawa. Apa musadalire muyezo wanga kwambiri ayi chifukwa manachesi a chaka chino si a chaka chatha, pena amatsekemera pena amawawasa, ndiye lilime lanu ndi limene ligamule. Chikakhala chowawasa moti mukutsinzina onjezerani sirapu supuni imodzi imodzi, chikakhala ngati Sobo onjezerani ndimu. Ndipo onetsetsani nthawi yomwe ndimu ikugwera mu chidede, mtundu umachoka pofiira moderapo n'kuwala ngati wayatsa nyali mkati, ana amaitanizana kudzaonerera. Jagi imeneyi imakwana anthu 8, aliyense amapeza matoti awiri a 25 ml. Toniki samalowa mujagi. Amathiridwa mutambula nthawi yomwera, apo ayi mpweya wonse umathawa anthu asanamalize kupatsana moni, ndipo moni wa kwathu mukuudziwa kutalika kwake. Ndiye mutambula ayisi kaye, chosakaniza chija mpaka theka, toniki wozizira pamwamba, kutakasa kamodzi kokha ndi supuni. Amene sakonda kuwawa kwa toniki muwathirire soda.

Masamba apamwamba aja anthu amaona ngati ndi zokongoletsa pojambula zithunzi za pa Facebook, koma ntchito yake ndi yaikulu, chifukwa mphuno imafika patambula lilime lisanalawe kanthu. Rozimere mumutenge kanthambi, mumuike pachikhatho n'kuwomba m'manja kamodzi kuti mafuta ake adzuke, kenaka mutambula. Ndi iyeyo amene amagwirana chanza ndi juniper n'kubweretsa fungo la m'phiri lija. Minti amapepukitsa, ndimaikira achemwali amene amati rozimere amawakumbutsa nkhuku yowotcha. Minti musamusinje ngati mukusinja thendo, akaphwanyika kwambiri amawawa, kungomufinya pang'ono ndi zala basi. Udzu wa mandimu, uja timathira mu tiyi, umakoma kuuphika limodzi mu sirapu, masamba awiri omanga mfundo. Zonsezi zimamera mosavuta kuno, rozimere wanga ndinabzala kanthambi kopempha mu chitini cha penti ndipo pano ndi chitsamba chofika m'chiuno, safuna madzi ambiri, pamene minti amafuna chinyezi, ndinamuika pafupi ndi mpopi ndipo ndimachita kulimbana naye kuti asalande malo onse. Magalagadeya ndimadula pakati n'kuika pambale, aliyense akolowole yekha ndi supuni ngati akufuna, jamu ndimabaya pa kamtengo kotokosera mano awiriawiri.

Ayisi ndi nkhani ina. Pangani wanu, kutatsala masiku atatu, ndi madzi owiritsa, ndipo mupange wamkuluwamkulu mu makapu apulasitiki kapena mu zitini zophikira makeke chifukwa wamkulu amachedwa kusungunuka. Chaka china magetsi anazima kuyambira m'mawa mpaka usiku, timaayisi tating'ono tonse tinasanduka madzi, koma zibuluma zazikulu zomwe ndinakulunga munyuzipepala n'kuika mu cooler box zinafika madzulo. Ndipo kunena zoona kuzizira kwa Julaye kuno kumathandiza, mabotolo a toniki ndimangowaika mundowa ya madzi kuseri kwa nyumba komwe sikufika dzuwa.

Azakhali anga ndi mayi wa Mvano, mowa sanaulawepo chibadwire, ndipo chaka choyamba chimene chakumwachi chinatheka anakhala kumapeto kwa khonde ndi Fanta m'manja nkhope itagwa, ine ndinadziwa kuti ndawalakwira, osati poti ena akumwa koma poti iwo ndinawasiya kunja kwa chinthu chimene aliyense ankakambirana. Kuyambira pamenepo ndimapanga majagi awiri, ndipo yopanda mowa ndi imene ndimayamba. Zonse chimodzimodzi, chidede, manachesi, ndimu, masitiroberi ndimawaphwanya ndi mthiko pansi pa jagi, m'malo mwa jini ndimathira tiyi wa ku Thyolo wopepuka wozizira amene ndaviikamo rozimere, kuti pakhale kenakake kogwira lilime. Jagi yawo ndimamanga kansalu pachigwiriro kuti isasokonekere, ndipo ndi yokhayo imene ana amaloledwa kuyandikira, ya jini imakhala pamwamba pa kabati mkati, wothira ndine ndekha. Azakhali atalawa koyamba anandiitana, “Iwe mwana wa achimwene, bwera kuno. Chidede chomwechi cha kumunda kwanga?” Ndinati eya azakhali, chomwecho. Anapukusa mutu n'kunena kuti zaka zonsezi akhala akungotendera masamba, makoko n'kumapatsa anthu ulere. Tsopano chaka chilichonse mu Juni amanditumizira kathumba ka shuga kodzaza chidede chouma, amachita kusankha okha.

Dzuwa likalowa, chisanu chikayamba kutsika m'phiri, palibenso amene amafuna ayisi. Apa ndi pamene ndimatereka ketulo pambaula pomwepo. Mukapu ya tiyi ndimaika supuni ziwiri za sirapu wa chidede, supuni yaing'ono ya uchi, kapisi ka jinja, madzi a ndimu pang'ono, madzi otentha, ndipo toti imodzi ya jini imalowa pomalizira kapu ili kale m'manja. Musawiritse jini pamoto, mowa umasanduka nthunzi pa madigiri 78 pamene madzi amadikira 100, ndiye mukawiritsa fungo lonse labwino limapita kudenga, komanso mowa pafupi ndi moto wamakala si zoseweretsa. Nthunzi yake ikakufikani kumaso, juniper, jinja ndi chidede pamodzi, mumamva ngati chifuwa chatseguka. Mbaulayo ikhale pakhonde podutsa mphepo, musailowetse m'nyumba n'kutseka mazenera ngakhale kuzizire bwanji, utsi wa makala wosaoneka uja umapha anthu ali mtulo.

Pali bodza limodzi limene ndikufuna tilisiye, loti mowa umatenthetsa thupi. Umakupangitsa kumva ngati wafundidwa chifukwa umatsegula timitsempha ta pakhungu, magazi otentha n'kuthamangira kunja, koma potero kutentha kwa mkati kumathawa msanga. Ndiye munthu amene wamwa kwambiri n'kuvula juzi kuti ndatenthedwa, kapena kugona panja usiku wa Julaye, ali pangozi yeniyeni. Ndimanena izi ndi mtima wonse chifukwa m'banja mwathu tinataya msuweni wathu nthawi ya masacheti ija asanaletsedwe, mnyamata wanzeru amene anayamba ndi timapaketi totchipa ta m'thumba, ndipo n'chifukwa chake ine pa nkhani ya muyezo sindisekerera. Jini mphamvu yake imakhala cha m'ma 40 peresenti, pamene mowa wa m'mabotolo uja ndi cha m'ma 5, ndipo choopsa cha chakumwa chokoma ngati ichi n'choti mowawo sumveka, munthu amangoona ngati akumwa juwisi. Ndiye pakhomo panga toti ndimayeza, sindithira ndi maso, matambula awiri pa munthu ndi kapu imodzi yotentha usiku, zikatha zatha, botolo lachiwiri kulibe. Woyendetsa galimoto amamwa za jagi ya azakhali. Achimwene poyamba ankanyinyirika, amvekere, “Achemwali, ine msewu wa Blantyre ndimaudziwa ngati chikhatho changa,” ine ndinangowalanda makiyi n'kuwayalira matiresi pabalaza, pano anazolowera, amabwera ndi bulangete lawo.

Ndipo musamwetse anthu m'mimba muli mbee. Ife timayamba ndi mtedza wokazinga wamchere ndi chinangwa chokazinga chothira kambuzi, kenaka mbuzi yowotcha, ndipo kuwawasa kwa chidede kumatsuka mafuta a nyama mkamwa moti umafuna nthuli ina. Matemba a ku Chilwa okazinga mpaka kuuma, othira ndimu, amayenderana nacho modabwitsa. Nsima imabwera nthawi yake, ndi nkhwani wotendera wa mudimba, usiku mbatata timakwirira m'phulusa la mbaula.

Chaka chatha chiperoni chinatipeza tili pakhonde pomwepo, cha m'ma 5 koloko nkhungu inatsika mpaka nyumba za aneba zinasowa, tinakokera mipando mkati mwa khonde, amayi atafunda zitenje ziwiriziwiri, ana atadzipanikiza pakati pa miyendo ya akuluakulu. Achimwene anayamba kufotokoza mmene bambo ankatikwezera phiri wapansi kudzera njira ya Potato Path kukaona Chingwe's Hole, iwo patsogolo ndi wailesi paphewa, ife m'mbuyo tikulira ndi njala, achemwali n'kumatsutsa kuti amene ankalira ndi achimwenewo, azakhali akuseka mpaka kutsokomola, kapu yofiira ili m'manja akuitenthetsera zala. Ine ndinali pambaula ndikudikira ketulo, kanthambi ka rozimere kanagwera pamakala mwangozi, fungo lake linadzaza khonde lonse, anthu anangoti zii kanthawi, kenaka alamu anati tiponyeponso kena.

M'mawa mwake ndikutsuka matambula ndinaona azakhali ali kuseri pa chitsamba chija ndi mpeni, akudula tinthambi tinayi, anatikulunga mu pepala lonyowa n'kuika mu chikwama chawo pamodzi ndi buku la nyimbo. Anandifunsa ngati amafuna manyowa, ndinati ayi azakhali, dothi lamchenga ndi dzuwa basi, musamuthirire kwambiri. Mwezi watha anandiimbira kuti tiwiri tagwira, ndipo chidede cha chaka chino achiyanika kale padenga la khitchini, akudikira munthu wobwera ku tauni kuti amupatsire.